Dungeons and Drama

Dungeons and Drama ndi buku la nkhani yopeka lolembera achinyamata, lomwe analemba Kristy Boyce wa ku United States. Linatuluka mu Januwale 2024 kudzera ku Delacorte Press, yomwe ili pansi pa kampani yosindikiza mabuku ya Penguin Random House. Ndi nkhani ya chikondi yodzadza ndi nthabwala, ndipo imachitikira m'tauni ina yaing'ono m'chigawo cha Ohio. Mwininkhani ndi Riley, mtsikana wa kusekondale wokonda kwambiri zisudzo za nyimbo, yemwe makolo ake amupatsa chilango chokagwira ntchito m'shopu ya bambo ake yogulitsa masewera a patebulo. Kumeneko amayamba chibwenzi chonamizira ndi mnyamata wogwira naye ntchito, ndipo amalowa m'gulu losewera Dungeons & Dragons.

Dzina la bukuli ndi loseweretsa mawu. Mlembi anatenga dzina la masewera a Dungeons & Dragons, lomwe limanena za ndende za pansi pa nthaka ndi zinjoka, n'kuchotsapo zinjokazo n'kuikapo mawu oti drama. M'Chingerezi mawu amenewa amatanthauza zisudzo, koma achinyamata amawagwiritsanso ntchito ponena za timikangano, nsanje ndi miseche ya pakati pawo. Zonse ziwirizi m'bukumu zilimo.

Chomwe chimamanga nkhani yonse pamodzi ndi kunamizira. Riley amanamizira m'malo atatu: pa siteji, patebulo la masewera, ndi m'chibwenzi chake. Pa siteji pokha ndi pomwe mawu onse amakhala olembedweratu ndipo mathero ndi odziwika. Malo awiri enawo sangawalamulire, ndipo nthabwala zambiri za bukuli zimachokera pomwepo.

Mlembi

Kristy Boyce amakhala ku Ohio ndipo amaphunzitsa maphunziro a kaganizidwe ka anthu pa Ohio State University mumzinda wa Columbus. Buku lake loyamba, Hot British Boyfriend, linatuluka mu 2021, ndipo lachiwiri, Hot Dutch Daydream, linatuluka mu 2023. Onse awiriwa amanena za atsikana a ku America omwe apita ku Ulaya, wina ku England, wina ku Amsterdam. Mu Dungeons and Drama nkhani anaibweretsa kwawo. Masewera amene amawafotokoza amawadziwa bwino: anayamba kusewera ali kusekondale, ndipo mwamuna wake ndi amene ankatsogolera masewerawo m'gulu lawo la nthawi imeneyo.

Nkhani yake

Nkhaniyi amaifotokoza ndi Riley mwini wake. Iye amafuna kudzakhala wotsogolera zisudzo ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo mumzinda wa New York. Tsiku lina amatenga galimoto ya mayi ake osapempha, alibenso laisensi, n'kupita ku Columbus ndi mnzake wapamtima Hoshiko kukaonera chisudzo cha nyimbo chotchedwa Waitress. Makolo ake banja linatha kalekale, koma pa nkhani iyi amamanga chimodzi: akamaweruka kusukulu azipita kushopu ya bambo ake kukagwira ntchito.

Kwa Riley chilango chimenechi ndi chowawa pawiri. Shopuyo saikonda, chifukwa mumtima mwake amaiona ngati chinthu chomwe bambo ake anachikonda kuposa banja. Komanso chilangocho chimafika nthawi yoipa. Sukulu yaganiza zothetsa chisudzo cha nyimbo chomwe ophunzira amachita chaka ndi chaka, ati ndalama zachepa, ndipo Riley amafuna nthawi yosonkhanitsa anzake kuti akaonetse akuluakulu a sukulu kuti chidwi chilipo.

Kushopuko amakumana ndi Nathan, mnyamata wa pasukulu yake yomweyo, wofatsa, wokonda masewera a patebulo. Poyamba samwerana madzi. Zinthu zimasintha pamene Paul, chibwenzi chakale cha Riley, wayamba kumumvera chisoni ngati munthu wosowa womufuna. Pothawa manyazi, Riley amanena kuti ali pachibwenzi ndi Nathan. Nathan naye ali ndi vuto lake: amafuna Sophia, mtsikana wa m'gulu lawo la masewera, yemwe amangomuzindikira pokhapokha wina akamusonyeza chidwi. Ndiye amapangana. Riley azimukopa Nathan pamaso pa Sophia kuti Sophiayo achite nsanje, ndipo Nathan azikhala ngati chibwenzi chake pamaso pa Paul, n'kumamuphimbiranso kuntchito akazemba kukakonza za chisudzo.

Kuti bodzali limveke loona, Riley amayenera kukhala nawo patebulo pamene gululo likusewera kuchipinda chakumbuyo kwa shopu. Amayembekezera kuti zimutopetsa. M'malo mwake amapeza kuti luso lake lonse la pa siteji likugwira ntchito pamenepo, ndipo pang'onopang'ono amayamba kulephera kusiyanitsa zomwe akuchitira anthu oonera ndi zomwe akumvadi. Monga momwe amathera mabuku a mtundu umenewu, iye ndi Nathan amadzavomera kuti amakondanadi.

Mmene Dungeons & Dragons imaseweredwera

Wowerenga yemwe sanaonepo masewerawa akhoza kuganiza kuti ali ngati bawo kapena tchesi, momwe anthu awiri amalimbana mpaka wina atapambana. Sizili choncho. Mu Dungeons & Dragons osewera sapikisana. Amathandizana kupanga nkhani imodzi, ndipo nkhaniyo ikhoza kupitirira masabata, miyezi, ngakhale zaka, gulu likumakumana kamodzi pa sabata.

Masewerawa anawapanga Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo anatuluka koyamba mu 1974 kudzera ku kampani yaing'ono ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Anali timabuku titatu m'kabokosi, ndipo ulendo woyamba anasindikiza makope 1,000 okha. Mu 1997 kampani ya Wizards of the Coast inagula TSR, ndipo mu 1999 Hasbro inagula Wizards of the Coast. Malamulo ake akhala akulembedwanso kangapo. Mtundu wachisanu, womwe ndi wosavuta kuphunzira poyerekeza ndi ina yam'mbuyo, unatuluka mu 2014, ndipo ndi umene unakopa osewera ambiri atsopano.

Patebulo pamakhala munthu mmodzi wotchedwa Dungeon Master, mwachidule DM. Iye ndiye wofotokoza nkhani komanso woweruza. Amanena za malo omwe gulu lafika, amalankhula m'malo mwa anthu onse okumana nawo panjira, kaya ndi mfumu, wogulitsa mowa kapena chilombo, ndipo amagamula pakakhala kusamvana pa malamulo. Osewera enawo, omwe kawirikawiri amakhala atatu mpaka asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense amapanga munthu wakewake. Amamupatsa dzina, mbiri ndi khalidwe, n'kusankha ntchito yake: wankhondo, wamatsenga, wakuba, wansembe, ndi zina. Zonsezi zimalembedwa papepala pamodzi ndi manambala asanu ndi limodzi osonyeza mphamvu za thupi, changu, kupirira, nzeru, kuzindikira, ndi chikoka cha munthuyo.

DM akafotokoza zomwe zachitika, amafunsa osewera kuti atani. Wosewera ali ndi ufulu woyesa chilichonse chomwe waganiza. Ngati chinthucho chikhoza kulephereka, amaponya dayisi. Madayisi ake si a mbali 6 okha ngati a ludo. Alipo a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20, ndipo wofunika kwambiri ndi wa mbali 20. Mwachitsanzo, wosewera akufuna kunyengerera mlonda wa pachipata kuti awalowetse mumzinda usiku. DM waganiza kuti zimenezi zikufunika 15. Munthu wa wosewerayo ndi wodziwa kulankhula, choncho amaonjezera 5 pa nambala iliyonse yomwe dayisi yagwera. Ndiye kuti dayisi ikagwera pa 10 kapena kuposerapo, mlonda watsegula chipata. Mwayi wake ndi 11 pa 20, kungopitirira theka pang'ono. Ikagwera pa 3, mlonda wakana, mwinanso waitana anzake, ndipo nkhani yakhotera kwina komwe palibe amene anakonzekera, ngakhale DM amene.

Apa ndi pomwe masewerawa amafanana ndi kuimba nthano madzulo, pamene wofotokoza amadalira omvera kuti azivomera. Kusiyana kwake n'koti patebulo omverawo ali ndi mphamvu yosintha nkhaniyo.

Munthu amene Riley amasankha ndi bard, woimba woyendayenda amene matsenga ake amachokera m'nyimbo ndi m'mawu. Mphamvu ya bard imadalira nambala ya chikoka. Mu mtundu wachisanu wa malamulo, bard amatha kulimbikitsa mnzake pomupatsa dayisi yoonjezera, ndipo ali ndi matsenga ena ovulaza mdani pomunyoza chabe. Malamulo safuna kuti wosewera aziimbadi. Ndikokwanira kungonena kuti munthu wanga akuimba. Koma Riley ndi mwana wa zisudzo, choncho amaimbadi patebulo, zomwe poyamba zimadabwitsa anyamatawo.

Zisudzo za kusukulu ku America

Kuti munthu amvetse chifukwa chake Riley akuvutika chonchi ndi chisudzo chimodzi, ayenera kudziwa malo ake m'sukulu za ku America. Sekondale zambiri kumeneko zimachita chisudzo cha nyimbo kamodzi pachaka, kawirikawiri chakumapeto kwa chaka cha sukulu, cha m'ma Marichi kapena Epulo. Ndi ntchito ya miyezi ingapo yomwe imafuna ochita zisudzo, oimba, ovina, osoka zovala, okhoma matabwa a pa siteji ndi oyendetsa magetsi. Imafunanso ndalama. Sukulu singangotenga chisudzo cha ku Broadway n'kuchichita. Imayenera kulipira chilolezo ku makampani oimira eni ake, monga Music Theatre International kapena Concord Theatricals, ndipo pamwamba pake pali zovala, zipangizo ndi malipiro a mphunzitsi wotsogolera. Ndalama zikachepa pasukulu, zinthu ngati zimenezi zimakhala pangozi chifukwa sizilembedwa pa mayeso.

Kwa mwana wa m'tauni yaing'ono ya ku Ohio, chisudzo cha kusukulu chikhoza kukhala mwayi wokhawo wophunzira ntchitoyi. Broadway ili kutali, ndipo ndi yaing'ono kuposa momwe dzina lake limamvekera: ndi nyumba za zisudzo 41 zokha, iliyonse ya mipando 500 kapena kuposerapo. Waitress, chisudzo chomwe chinamugwetsa Riley m'mavuto, chinayamba kuonetsedwa kumeneko mu 2016. Nyimbo zake analemba ndi Sara Bareilles, ndipo nkhani yake inachokera mu filimu ya 2007 ya Adrienne Shelly. Zisudzo zotere zikatchuka zimayendayenda m'mizinda ina ngati Columbus, ndipo kwa achinyamata ambiri ndi mpata wokhawo woziona ndi maso.

Chofunika kuchiona n'choti Riley cholinga chake chachikulu si kukhala katswiri wa pa siteji, koma wotsogolera. Wotsogolera ndiye amauza aliyense poima, polowera, ndi nthawi yolankhulira. Khalidwe limeneli Riley amalitengera kulikonse. Chibwenzi chake ndi Nathan amachikonza ngati chisudzo: agwirane manja liti, ayang'anane bwanji, ndani akuona. Patebulo la masewera njira imeneyi sigwira, chifukwa dayisi samvera wotsogolera ndipo osewera anzake ali ndi maganizo awoawo. M'Chichewa mawu oti sewero ndi masewera amachokera ku tsinde limodzi, monganso zilili ndi mawu a Chingerezi oti play, ndipo bukuli limaonetsa kuyandikana kwa ziwirizi. Koma chomwe chimamusintha Riley ndi pomwe ziwirizi zimasiyana.

Chibwenzi chonamizira

Mabuku a achinyamata, omwe ku America amawatchula kuti YA, amalembedwera owerenga a zaka zapakati pa 12 ndi 18, ngakhale akuluakulu ambiri amawawerenganso. M'nkhani zachikondi za m'gulu limeneli muli njira zingapo zomwe alembi amazibwereza, ndipo owerenga amazidziwa n'kumazifuna dala. Dungeons and Drama imagwiritsa ntchito ziwiri: anthu oyamba ndi kudana n'kudzakondana, ndi chibwenzi chonamizira chomwe chimasanduka chenicheni. Njira yoyambayo ndi yakale kwambiri. Ili kale mu Much Ado About Nothing ya William Shakespeare, yolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1590, momwe Beatrice ndi Benedick amakhalira kunyozana mpaka anzawo atawapusitsa kuti aliyense aziganiza kuti mnzakeyo amamukonda. Yachiwiriyo inatchuka kwambiri pakati pa achinyamata ndi buku la Jenny Han la 2014, To All the Boys I've Loved Before, lomwe filimu yake inatuluka pa Netflix mu 2018.

Wowerenga amadziwa kuyambira pachiyambi kuti awiriwo adzakhala pamodzi. Chokoma si kudziwa mathero, koma kuona anthu awiri akudzinamiza okha pamene aliyense wowazungulira waona kale zoona zake. Vuto la njira imeneyi n'loti imafuna chifukwa chomveka choti anthu awiri osakondana azigwirana manja. M'mabuku ena chifukwacho chimakhala chofooka. Boyce anapeza chabwinoko: mtsikana wake ndi wochita zisudzo, amene amakhulupirira kuti akhoza kuonetsa chikondi popanda kuchimva, ndipo wamuika pakati pa anthu amene amathera madzulo onse akulankhula ngati anthu ena. Patebulopo Nathan, yemwe kusukulu ndi wamanyazi, amamasuka akamalankhula kudzera mwa munthu wake wa m'masewera. Riley amamudziwa Nathan weniweni pa nthawi yomwe Nathanyo akunamizira kukhala wina.

Sikuti zonse m'bukuli n'zolimba. Paul ndi Sophia alipo makamaka kuti nkhani iyende, ndipo wowerenga sawadziwa mozama. Kusamvana komwe kumalekanitsa Riley ndi Nathan chakumapeto ndi kwa mtundu uja komwe kukanatha ndi kukambirana kwa mphindi zisanu, ngakhale kuti kwa anthu a msinkhu wawo zimenezi n'zosadabwitsa.

Mbali yomwe ili ndi kulemera kwenikweni ndi ya Riley ndi bambo ake. Kuyambira pamene banja linatha, iye wakhala kumbali ya mayi ake, omwe amakonda nawo zisudzo. Bambo ake amawaona mwa apo ndi apo, ndipo sanayesepo kufunsa chomwe amapeza m'masewera awo. Kushopuko amaona kuti malowo si ogulitsira zinthu chabe. Anthu amabwera kudzakhala, kudzasewera ndi kucheza, ndipo achinyamata ena, Nathan mmodzi mwa iwo, amawatenga bambowo ngati kholo lawo. Zimamupweteka kuona kuti mwana wa eni amawadziwa bambo ake kuposa iye. Amazindikiranso kuti zomwe bambowo amachita ndi shopu yawo sizikusiyana kwenikweni ndi zomwe iye akumenyera kusukulu, zopezera anthu malo oti azisonkhana n'kupanga nkhani limodzi.

Kusintha kwa mbiri ya masewerawa

Buku ngati ili likanakhala lovuta kugulitsa zaka 40 zapitazo. Mu 1979 wophunzira wina wa pa Michigan State University, James Dallas Egbert III, anasowa, ndipo nyuzipepala zinafalitsa maganizo oti masewerawa ndi amene anachititsa, zomwe pambuyo pake zinapezeka kuti sizinali zoona. Nkhaniyo inabala buku la Rona Jaffe la 1981, Mazes and Monsters, lomwe mu 1982 linakhala filimu ya pa TV momwe munali Tom Hanks. Mu 1983 Patricia Pulling anayambitsa gulu lotchedwa Bothered About Dungeons & Dragons, lomwe linkanena kuti masewerawa amakokera ana ku zausatana ndi kudzipha. Mantha amenewa anatha pang'onopang'ono, koma kwa nthawi yaitali masewerawa ankaonedwabe ngati a anyamata osowa ocheza nawo.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 2010, ndipo ochita zisudzo anathandiza kwambiri. Mu 2015 gulu la akatswiri olankhula m'makatuni ndi m'masewera a pakompyuta, motsogozedwa ndi Matthew Mercer, linayamba kuonetsa masewera awo pa intaneti pansi pa dzina la Critical Role. Anthu ambiri anazindikira kuti Dungeons & Dragons ikhoza kuoneredwa ngati chisudzo. Mu 2016 kunabwera Stranger Things pa Netflix, yomwe ana ake amayamba nkhani ali patebulo la masewerawa, ndipo mu 2018 kunabwera Dimension 20, yotsogozedwa ndi Brennan Lee Mulligan, yomwe osewera ake ambiri ndi anthu a nthabwala ozolowera kupeka mawu pomwepo. Mu filimu ya 2023, Dungeons & Dragons: Honor Among Thieves, mwininkhani yemwe anaseweredwa ndi Chris Pine ndi bard, ngati wa Riley. Chaka chomwe buku la Boyce linatuluka, masewerawa anakwanitsa zaka 50, ndipo ku New York kunatsegulidwa chisudzo cha The Twenty-Sided Tavern, momwe oonera amavota pa mafoni awo posankha komwe nkhani ipite.

Ntchito zina zofanana nalo

Zisudzo ndi Dungeons & Dragons zinakumanapo kale mu She Kills Monsters, sewero la Qui Nguyen lomwe linaonetsedwa koyamba ku Flea Theater ku New York mu 2011. Nalonso limachitikira ku Ohio, m'tauni ya Athens, m'chaka cha 1995. Limanena za Agnes, yemwe mng'ono wake Tilly wamwalira pangozi ya galimoto. Agnes amapeza kope momwe Tilly analembamo nkhani ya masewera, ndipo amaganiza zoisewera kuti amudziwe mng'ono wake yemwe sanamulabadire ali moyo. Ndi sewero la maliro ngakhale lili ndi nthabwala, koma maganizo ake ndi ofanana ndi a nkhani ya Riley ndi bambo ake: munthu amakhala patebulo la wachibale wake n'kumudziwa mochedwa. Nguyen analembanso mtundu wina wa seweroli woyenera ana a sukulu, ndipo lakhala limodzi mwa masewero omwe sekondale za ku America zimachita kwambiri.

Patatha pafupifupi chaka chimodzi, Boyce anatulutsa Dating and Dragons. Anthu ake ndi ena. Mwininkhani ndi Quinn, mtsikana yemwe wasamukira kusukulu yatsopano n'kulowa gulu lomwe limaonetsa masewera ake pa intaneti. Gululo lili ndi lamulo loletsa zibwenzi pakati pa mamembala, ndipo mnyamata yemwe Quinn wamukonda, Logan, ali m'gulu lomwelo.